Nambala 56 ndi Luso la Mmisiri Wosintha Mota ya Sowo

Mota ya sowo ya patebulo ikapsa, munthu wapaphuma amawerenga chinthu chimodzi chokha pa kachitsulo kolembedwa kamene kamakhomedwa pathupi la motayo, ndicho mphamvu. Akaona 1.5 HP amathamangira kukagula ina ya 1.5 HP, mavuto n'kudzaonekera pomanga: mabowo a mabawuti sakulingana, pule ikukana kulowa pa shafiti, lamba wapendekeka. Mmisiri wokhwima amayambira pa mzere umene ambiri amaudumpha, pamene palembedwa FRAME kapena FR, pambali pake pali 56, 143T kapena 145T. Ndimasirira kwambiri mmene munthu wotereyu amagwirira ntchito, chifukwa pa kanambala kameneko amaonapo maonekedwe a mota yonse asanagwire n'komwe sipanala.

Manambalawa ndi a bungwe la ku America la National Electrical Manufacturers Association, kapena kuti NEMA, limene linakhazikitsidwa mu 1926. M'malamulo ake otchedwa MG 1, makampani opanga mamota anagwirizana kuti mota ya felemu yakutiyakuti izikhala ndi miyeso yofanana pamalo onse pamene imakhudzana ndi makina, kaya yapangidwa ndi Baldor, Leeson kapena Marathon. Mgwirizanowu umanena za kutalika kwa shafiti kuchokera pansi, kunenepa kwake, kachitsulo kotchedwa kiyi kamene kamaletsa pule kuterereka, ndi kutalikirana kwa mabowo a m'mapazi. Mphamvu ndi liwiro zili ndi mizere yake ina pa kachitsulo kaja.

Masamu ake ndi ofupika mpaka kukoma. Nambala ikakhala ya manambala awiri, mumaigawa ndi 16, yankho lake ndiye kutalika kwa pakati pa shafiti kuchokera pansi pa mapazi, m'mainchesi. Choncho felemu 56 imapereka mainchesi 3.5, pamene 48 imapereka mainchesi 3. Ikakhala ya manambala atatu, mumatenga awiri oyambirira n'kuwagawa ndi 4. Pa 143T ndi 145T, 14 kugawa ndi 4 ndi mainchesi 3.5, ndipo pa 182T ndi mainchesi 4.5. Nambala yachitatu imalozera kutalikirana kwa mabowo motsata thupi la mota: mainchesi 4 pa 143T, mainchesi 5 pa 145T.

Apa ndi pamene luso limasiyanitsa anthu. Felemu 56 ndi 143T zonse zimanyamula shafiti pa mainchesi 3.5, moti wongoyang'ana ndi maso anganene kuti n'zofanana. Koma shafiti ya 56 ndi yonenepa 5/8 ya inchi, ya 143T ndi 7/8. Mabowo a 56 amatalikirana mainchesi 4 7/8 chopingasa ndi mainchesi 3 motsata thupi, pamene a 143T chopingasa ndi mainchesi 5.5. Mmisiri amadziwa kuti akasankha 143T m'malo mwa 56 wasankhanso pule yatsopano ndi ntchito yoboola chitsulo chokhazikapo mota. Nthawi zina amaterodi mwadala, koma amakhala atawerengeratu mtengo wake wonse.

Sowo zakale zili ndi msampha wina, wa mbiri. Mu 1952 komanso mu 1964, NEMA inasintha magawidwe a mphamvu pa mafelemu, chifukwa zotchingira mawaya zinali zitayamba kupirira kutentha kwambiri, ndipo mota yaing'ono inkatha kupereka mphamvu imene kale inkafuna thupi lalikulu. Mafelemu a 1964 ndi aja okhala ndi chilembo T kumapeto. Motero mota yolembedwa 182 yokha ili ndi shafiti ya 7/8, koma 182T ili ndi 1 1/8, ngakhale mapazi awo amakhala pamabowo amodzimodzi. Zilembo zina nazonso zili ndi uthenga. C ikutanthauza kuti mota imamangidwa ndi nkhope yake, 56H ili ndi mapazi aatali okhala ndi mabowo owonjezera, Z ikuchenjeza kuti shafiti ndi yapadera, ndipo Y ikunena kuti kamangidwe sikatsata lamulo. Sowo yotchuka ya Unisaw, imene kampani ya Delta inaitulutsa mu 1939, ndi chitsanzo chabwino. Mota yake ilibe mapazi wamba, imalendewera pa makutu achitsulo m'kati mwa bokosi la sowo, n'chifukwa chake zolowa m'malo mwake zimagulitsidwa ndi nambala ngati 145Y. Mmisiri akaona Y, amasiya kudalira tchati n'kutenga choyezera.

Muoneni pamene akuyeza. Wachotsa kaye pulagi pakhoma, watsitsa mota yakufa ija n'kuikhazika pabenchi losalala, wapukuta utuchi umene unamatirira pa girisi. Amamasula kabawuti kakang'ono ka pa pule, n'kuikoka ndi chokokera chake; nyundo saiyandikiza, poti kumenya kumapinda pule ndi kuwononga mabelingi. Kiyi ija, imene pa felemu 56 ndi yokhuthala 3/16 ya inchi, amaisunga m'kachitini isanatayikire mu utuchi. Kenako amapana shafiti ndi choyezera cha vernier pamalo awiri kapena atatu, kuti aone ngati inaperepeseka, n'kuyezanso kutalika kwa mbali yotulukira kunja, imene pa 56 imayenera kukhala mainchesi 1 7/8. Mabowo amawayeza kuyambira pakati pa bowo kukafika pakati pa linzake. Zonsezi amazilemba papepala, ngakhale kachitsulo kaja kananena kale, chifukwa sowo imene yadutsa m'manja ambiri ikhoza kukhala itasinthidwapo mota, ndipo amene anasintha mwina anaboola mabowo ake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali zina zimene nambala siinena n'komwe, ndipo mmisiri wabwino amadziwa pamene lonjezo la NEMA limathera. Kutalika kwa thupi lonse la mota sikuli m'nambalamo, ngakhalenso malo pamene pali linunda la kapasita kapena kabokosi ka mawaya. Pa sowo zija za mtundu wa contractor, mota imalendewera kumbuyo pa hinji, ndipo kulemera kwake ndi kumene kumakunga lamba. Mpeni ukapendeketsedwa kufika pa madigiri 45, mota nayo imakwera chammbali, moti kapasita ikakhala pamalo olakwika imagunda tebulo. Mota yolemera mopitirira imakoka zitsulo zonyamula mpeni, mpeniwo n'kusiya kulunjika. N'chifukwa chake mmisiri, asanalumikize waya uliwonse, amazungulitsa chogwirira pang'onopang'ono kuchokera pa 90 kufika pa 45, mpeni uli m'mwamba ndiponso uli pansi, diso lili pamipata. Amasankhanso mota yotsekeka ya TEFC, yozizidwa ndi fani kunja, m'malo mwa yotseguka ya ODP, chifukwa utuchi ukalowa umatseka kaswichi ka m'kati kamene kamathandiza mota podzuka.

Sowo ya ku America ikafika m'manja mwa kalipentala wa ku Lilongwe kapena ku Lusaka, nkhani imakula. Mamota ambiri ogulitsidwa kuno amatsata miyeso ina, ya IEC, imene nambala yake ndi kutalika kwa shafiti kuchokera pansi m'mamilimita. Felemu 90 ili pa mamilimita 90, pamene mainchesi 3.5 ndi mamilimita 88.9, kusiyana kochepa kumene hinji ndi lamba zimakumeza. Koma shafiti ya 90 ndi ya mamilimita 24, ya 80 ndi 19, pamene 5/8 ya inchi sikwana 16, choncho pule yakale siingalowe. Magetsi athu ndi a 50 Hz, a ku America 60 Hz; mota imene kumeneko imazungulira ka 3,450 pa mphindi, inzake ya kuno imazungulira pafupifupi ka 2,850. Kuti mpeni usafooke podula mlombwa, pule ya pa mota iyenera kukula ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Masamu omwewo ndi amene amateteza zala ndi nkhope. Ma Unisaw ena akale anali ndi mota ya 1,725, ndipo woikapo ya 3,450 osasintha pule amathamangitsa mpeni kawiri kuposa kale, mwina kupyola malire olembedwa pa mpeniwo.

Pomaliza mmisiri amagoneka rula yachitsulo pankhope za mapule awiriwo kufikira itakhudza zonse mofanana, ndiyeno n'kumanga. Amayatsa kaye mota lamba atamuchotsa, kuti aone kumene ikulowera, poti mano a mpeni ayenera kutsikira patebulo kumbali ya woduladula. Ikalowera kolakwika, pa mamota ambiri a NEMA a single phase amasinthanitsa mawaya T5 ndi T8, monga mmene chithunzi cha pa motayo chikusonyezera. Thabwa loyamba amadula la pansi, losafunika.

Chimene ndimachilemekeza kwambiri mwa amisiri otere ndi choti amaganizira amene adzatsegule sowoyo iwo kulibe. Popenta makina amaphimba kachitsulo kolembedwa kaja kuti utoto usakafufute, ndipo akasintha felemu kapena pule amalemba miyeso yakale ndi yatsopano m'kati mwa chitseko cha sowo. Aliyense wophunzitsa achinyamata ukalipentala ayenera kuwaphunzitsanso zimenezi: kugawa ndi 16, kugawa ndi 4, kuyeza ndi manja awo, ndi kusiyira mnzawo wa m'tsogolo manambala oona.