Kodi Nyumba ya Banja Igulitsidwe Chifukwa cha Ngongole?

Mlimi wa mbatata ku Tsangano akatenga ndalama za feteleza kwa wakatapila, mbewu n'kukanika, funso limafika kwa ife: kodi mwini ndalama angasasule malata kapena kugulitsa nyumba? Ophunzira athu ambiri amayankha msanga kuti inde, potsamira mabuku a madhhab a Imam Shafi'i amene ambiri a ife timatsatira. Yankho limeneli tikuliona kuti n'loperewera.

N'zoona kuti Imam Shafi'i ndi Imam Malik anaona kuti nyumba ya muflis, munthu amene ngongole zake zaposa chuma chake, igulitsidwe, iye apeze ya lendi. Ufulu wa wobwereketsa si wopepuka: Mtumiki (SAW) anakana kuswalira maliro a munthu wangongole kufikira Abu Qatada atalonjeza kuti abweza. Koma si maulama onse anagamula choncho. Ibn Qudama, amene anamwalira m'chaka cha 620 Hijri, anafotokoza mu Al-Mughni kuti a Hanbali ndi Imam Abu Hanifa salola kugulitsa nyumba imene munthu alibe kwina kolowera akaichoka, monganso samuvula zovala. Ndime 280 ya Surah Al-Baqarah ikulamula kumudikira wangongole amene ali pa mavuto. Majallah, buku la malamulo la ufumu wa Ottoman lomalizidwa mu 1876, linadzera pakati: nyumba ikakhala yoposa zosowa za mwiniwake igulitsidwe, amugulire yocheperapo, zotsalazo zibweze ngongole.

Ife tikuona kuti njira yapakatiyi ndiyo ikugwirizana ndi moyo wa kuno, pa zifukwa zitatu zimene oyankha mofulumira amazilumpha.

Choyamba, chigamulo chakuti apeze ya lendi chimagwira ntchito kumene kuli nyumba za lendi ndi ndalama zolipirira. Pa boma la Ntcheu zilipo, koma kumudzi wochotsedwa m'nyumba amachotsedwanso pafupi ndi munda umene akanabweza nawo ngongoleyo.

Chachiwiri, m'midzi yambiri ya Ntcheu ukwati ndi wachikamwini, nyumba imamangidwa pa malo a kuchikazi. Mu Sharia chuma cha mkazi ndi chake, sichibweza ngongole ya mwamuna pokhapokha iye atavomera kukhala womuimira. Tisanakambe zogulitsa tifunse kaye: nyumbayi ndi ya yani?

Chachitatu, ngongole ya katapila mbali yake yaikulu ndi riba, ndipo ndime 279 ikupereka kwa wobwereketsa ndalama zokhazo zimene anatulutsa. Ngakhale lamulo la dziko lino la Loans Recovery Act limapatsa khoti mphamvu younikanso ngongole ya chiwongoladzanja chankhanza. Kusasula denga popanda chigamulo cha woweruza ndi kulanda.

Makhoti a maiko ena anafikanso pa mfundo yoti woweruza ayambe waona. Mu 2004 khoti la Constitutional Court ku South Africa, pa mlandu wa Jaftha, umene unayamba ndi ngongole ya R250 yokha, linagamula kuti nyumba isagulitsidwe woweruza asanaunike momwe zinthu zilili.

Komabe tisanamize anthu. Amene wapereka yekha nyumba yake ngati chikole, chimene mu fiqh timati rahn, wataya chitetezo chimenechi, ndipo ngakhale a Hanbali amalola kuti igulitsidwe. Lamulo la Registered Land Act nalonso limapatsa banki mphamvu yogulitsa malo achikole wobwereka akalephera kubweza. Choncho uphungu wathu uzifika munthu asanasaine, osati a sheriff atafika kale pakhomo.

Aphunzitsi a m'madrasa, tikamaphunzitsa mutu wa muflis tiziwerengera ophunzira maganizo onse ndi maumboni ake. Mawa adzakhala iwo oyankha mayi wa ana asanu amene denga lake likufuna kusasulidwa, ndipo mzere umodzi woloweza pamtima sudzawakwanira. Allah ndiye Wodziwa koposa.