“Bwera”, “Bwerani”, “Abwere”: Kalamulidwe m'Zolemba Zathu

Mlembi akhoza kutha ndime ziwiri akufotokoza za suti ya bwana, nsapato zake ndi galimoto imene wakwera, koma owerenga amamudziwa bwanayo pokhapokha akatsekula pakamwa kuti atume munthu. Pamenepo mpamene timaona ngati ali wodzikweza, wamantha, wachikondi kapena wachinyengo. Chodandaulitsa n'chakuti m'nkhani zazifupi zambiri za m'masamba a Chichewa a nyuzipepala zathu, ngakhalenso m'zisudzo zina za pa wailesi, ampangankhani onse amalamula mofanana. Mfumu, mkamwini, namwino, wapolisi ndi mwana wa sitandade 3, onse ali ndi pakamwa pamodzi. Ine ndikuona kuti pamenepa alembife tikutaya chida chakuthwa kuposa zonse chimene chiyankhulo chathu chinatipatsa.

Tiyambe ndi kuona chuma chimene tili nacho. Kusukulu tinaphunzira za kanenedwe kolamula ngati kanthu kamodzi, komatu kunena zoona pali makwerero ambiri. Pansi penipeni pali tsinde la mneni lopanda chovala: “Bwera!” Awa ndi mawu a kwa mwana, kwa bwenzi la pamtima, kapena a munthu amene wapsa mtima. Tikaphatikiza -ni, “Bwerani”, talankhula kwa anthu ambiri kapena kwa mmodzi amene tikumulemekeza. “Tabwerani” ndi kukoka munthu mwaubale, pomwe “Mubwere mawa” ndi kumusiyira nthawi. “Kagoneni” akutumiza munthu kwina, “Dzaoneni” akumuitanira kuno, “Muzibwera” akukhazikitsa chizolowezi, ndipo “Badyani” akuti yambani inu, ife tikupezani. Pamwamba pa zonsezi pali kulamula kobisika m'funso: “Mungandibwerekeko khasu?” Kaphatikizo ka -ko kameneka kamagwira ntchito imene mawondo amagwira munthu akagwada. Kenaka pali ulemu wotsiriza, wolankhula kwa munthu amene ali pamaso pako ngati kuti ali kutali: “Apongozi alowe”, “Agogo akhale pampandopa”.

Anthu ena amaganiza kuti zoterezi ndi zachimidzi, zosayenera chiyankhulo cha masiku ano. Awa ayenera kumva za Chisipanishi, chiyankhulo cha anthu mamiliyoni mazanamazana, chimene malamulo ake analembedwa m'buku ndi Antonio de Nebrija kale m'chaka cha 1492. Kumeneko mnzako kapena mwana umamutchula tú, koma munthu wolemekezeka ndi usted. Mawu akuti usted anachokera ku vuestra merced, kutanthauza kuti “chifundo chanu”, n'chifukwa chake mneni wake amayenda ngati ukunena za munthu wachitatu, chimodzimodzi “Apongozi alowe” wathu uja. Pouza mwana kuti alankhule amati habla, koma kwa wamkulu amati hable, kubwereka kanenedwe kosonyeza chifuniro m'malo mwa kolamula. Poletsa, ngakhale kwa mwana, amagwiritsa ntchito kanenedwe komweko: no hables. Nafenso timatero, pakuti “pita” akasanduka choletsa amakhala “usapite”. Mawu a Chipwitikizi akuti você, amene timawamva kwa anansi athu a ku Mozambique, nawonso anachokera ku vossa mercê. Ophunzira Chisipanishi amatuluka thukuta kuti adziwe kusiyana kumeneku, chifukwa amadziwa kuti kusokoneza tú ndi usted kukhoza kuwatayitsa ntchito kapena ubwenzi. Nanga bwanji ife tikutaya mwadala chimene tinayamwira?

Cholakwika choyamba chimene ndimachiona ndi matenda a “chonde”. Chingerezi chili ndi you mmodzi yekha wa mfumu ndi kapolo yemwe, motero chimadalira kamawu kopepesera koikidwa pambali. Mlembi amene amaganiza m'Chingerezi n'kumalemba m'Chichewa amangotenga tsinde louma n'kuikapo “chonde” kutsogolo. Zotsatira zake timawerenga mtsikana akuuza apongozi ake kuti, “Chonde khalani pansi ndipo mverani.” Kodi ndi mudzi uti umene mtengwa amalankhula chomwechi? Kwathu “chonde” ndi mawu olemera, a munthu amene madzi afika m'khosi, wodandaulira sing'anga kapena wopempha kuti mlandu uchepe. Tikamawamwaza m'ndime iliyonse, pofika pamene mpangankhani akufunikadi kulira ndi kupembedza, mawuwo amakhala atasukuluka.

Cholakwika chachiwiri chimachokera kwa ife ogwira ntchito m'boma, ndipo ambiri mwa alembi a Chichewa ndife amene: aphunzitsi, makalaliki, alangizi. Kuofesi tinazolowera kulamula kopanda mwini. Timalemba kuti “Mukudziwitsidwa kuti”, “Mukupemphedwa kuti”, “N'koletsedwa”, ndipo wolamulayo saoneka nkhope. M'kalata ya boma zimenezi zili ndi chifukwa chake, pakuti wolankhula ndi udindo osati munthu. Koma chiyankhulo chimenechi chikalowa m'nthano, n'kumva bambo akuuza mwana wake kuti akupemphedwa kusiya mowa, nkhani imafa. Bambo weniweni amati, “Usiye mowa, wamva?” kapena amayamba patali ndi mwambi. Chiganizo cha m'chikalata chingayenere pakamwa pa mpangankhani pokhapokha mlembi akufuna kutionetsa munthu amene wabwera ndi ofesi kunyumba, ndipo apo chikhoza kutiseketsa kapena kutimvetsa chisoni.

Kuno ku Luwawa nkhaniyi timaiona ndi maso. Tili m'nkhalango ya paini ya Viphya, imene inadzalidwa pa mahekitala oposa 50,000, ndipo mdani wake wamkulu chilimwe chilichonse ndi moto. Taganizirani ziganizo zitatu izi: “Osayatsa moto”, “Musayatse moto”, “Tisayatse moto”. Choyamba chilibe wolankhula ngakhale wolankhulidwa. Ndi mawu a chikwangwani. Chachiwiri chikuloza chala, ndipo wosaka mbewa kapena wofula njuchi amamva kuti akumuganizira. Chachitatu chikuika wolankhula m'gulu lomwelo la oyenera kumvera. Kusiyana kwake ndi kwa malembo awiri kapena atatu basi, koma mlembi amene akulemba za mlonda wa nkhalango ayenera kusankha chimodzi, ndipo chisankho chimenecho ndicho chidzatiuze ngati mlondayo amadziona ngati mwana wa mudzi kapena chikwapu cha boma.

Palinso china chimene alembi a Chichewa ayenera kukumbukira akamalembera dziko lonse. Kuno ku Mzimba anthu amalankhula Chitumbuka, chimene nachonso chimasiyanitsa iwe ndi imwe, zanga kuno ndi zaninge kuno. Pamwamba pake pali mwambo wa Angoni, amene anawoloka Zambezi m'chaka cha 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, ndipo salonjera Inkosi ya Makhosi M'mbelwa ngati munthu wamba koma ndi Bayethe. Anthu otere khutu lawo ndi lakuthwa pa nkhani ya ulemu. Chichewa chitakhazikitsidwa kukhala chiyankhulo cha dziko m'chaka cha 1968, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC mpaka m'chaka cha 1994. Ambiri a kuno anakumana ndi Chichewa koyamba m'kalasi, pa chikwangwani ndi pa msonkhano wa chipani, malo amene chinkabwera ndi lamulo. Ngati nthano zathu nazonso zingodzaza ndi kulamula kouma, owerenga a kuno adzapitiriza kuchimva ngati chiyankhulo cha otuma. Zolemba ndizo zingawaonetse Chichewa chimene chimadziwa kupempha, kunyengerera ndi kugwada.

Wina akhoza kunditsutsa kuti ndikulimbikitsa ukapolo wa pakamwa. Adzati tinakhala zaka 30 pansi pa chipani chimodzi chimene nsanamira zake zinali umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo ulemu wochuluka ndiwo unatitseka pakamwa. Mfundoyi ili ndi nzeru, koma yaphonya cholinga changa. Sindikunena kuti ampangankhani onse akhale aulemu. Ndikunena kuti mlembi adziwe makwerero onse kuti pamene mpangankhani wathyola mwambo, owerenga amve kuthyokako. Mayi amene wakhala akutchula mwamuna wake “inu” m'masamba 40, tsiku limene adzati “Tuluka iwe!” sitidzafunanso ndime yotiuza kuti banja latha. Bambo amene amatchula mwana wake “iwe” mwachikondi, akadzati “Tengani katundu wanu, achikulire, muzipita”, ulemu umenewo udzacheka kuposa mbama. Chomwechonso munthu wamba amene akuyankha wolamulira wankhanza ndi “iwe” wachita chinthu chachikulu, koma ukulu wake umaoneka pokhapokha ngati nkhani yonse yatiphunzitsa kuti aliyense amati “inu”. Pamene onse akulankhula mofanana, palibe angapanduke.

Akatswiri a chiyankhulo anachita kale mbali yawo. Mark Hanna Watkins anasindikiza buku la malamulo a Chichewa m'chaka cha 1937 atathandizidwa ndi Kamuzu Banda pamene Bandayo anali wophunzira ku Chicago. Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, ndipo ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies m'chaka cha 1996. Sam Mchombo anatulutsa The Syntax of Chichewa m'chaka cha 2004. Koma buku la malamulo limangotiuza kuti mawu akutiakuti alipo. Silingatiuze kuti mkamwini wogwidwa ndi manyazi asankha ati. Imeneyo ndi ntchito ya mlembi. Amene akufuna kunola khutu awerengenso Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara la m'chaka cha 1933, limene limatsata munthu mmodzi kuchokera ku ubwana mpaka pa ufumu, ndiponso Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe. Powerenga adzifunse pa chiganizo chilichonse cholamula kuti wolankhula ndani, akulankhula kwa yani, ndipo pali yani amene akumvetsera.

Pomaliza, langizo langa kwa alembi anzanga ndi losavuta. Mukamaliza kulemba nkhani, fufutani maina onse a olankhula, kenaka muwerengere munthu wina mokweza mawu olamula okhaokha. Ngati womvetserayo atha kuloza kuti uyu ndi gogo, uyu ndi bwana, uyu ndi mkazi wotopa ndi banja, nkhani yanu ili ndi anthu amoyo. Ngati alephera, bwererani pabwalo la milandu, pamaliro ndi pachinkhoswe, mukakhale chete ndi kumvetsera mmene eni chiyankhulo amatumirana. Akonzi a nyuzipepala ndi oweruza mipikisano ya zolembalemba nawonso ayambe kuyesa nkhani ndi muyeso umenewu, monga momwe amayesera kalembedwe ka mawu.