Maso Odziwa Kusaka Malungo

Dontho limodzi la magazi a pachala limakwanira. Katswiri wa mu labotale amalipaka pakagalasi, kuliumitsa, n'kulinyika mu utoto wa Giemsa. Akadonthezapo mafuta, amaweramira maikulosikopu yokuza zinthu ka 1,000.

Luso lagona apa. Kachirombo ka malungo kotchedwa Plasmodium falciparum kamaoneka ngati mphete ya kadontho kofiira, ndipo diso losazolowera limakasokoneza ndi zinyenyeswa za utoto. Wodziwa ntchito amafufuza magawo osachepera 100 a pakagalasipo asananene kuti magaziwo ali bwino. Akatipeza tiziromboti, amatiwerenga.

Woyamba kutiona anali Alphonse Laveran, mu 1880 ku Algeria. Lero zipangizo zoyezera mwachangu zafika m'zipatala zakumidzi, koma kuti dokotala adziwe kuchuluka kwa tizirombo m'magazi, amadalirabe maso a akatswiriwa.