Besi si bingu: za mabokosi a oyimba m'chigwa cha Mtakataka

Pali matenda amene agwira zoyimbayimba m'chigwa chathu chino, kuyambira ku Golomoti, kudzera pa Mua ndi Mtakataka mpaka ku Chipoka. Matendawa ali pa gitala ya besi. Gulu likabwera kudzayimba pa bwalo lampira kapena kuseri kwa malo omwera, malata amanjenjemera, chifuwa chimagunda, koma nyimbo ya woyimba besi simveka. Mnyamata akuyendetsa zala pa nsambo, thukuta lili kamukamu, pomwe m'bokosi mukungotuluka "buu" mmodzi yemweyo. Kunena mosapsatira mawu, uku n'kuba. Woyimba waberedwa luso lake, wolipira pakhomo waberedwa ndalama zake.

Ife nkhaniyi ikutiwawa kwambiri chifukwa tili pa msewu wa M5 wochokera ku Balaka, kwawo kwa nyimbo zimene magulu ang'onoang'ono kuno amakonda kubwereza. Ku Balaka n'kumene Paul Banda adayambitsa Alleluya Band mu 1978, ndipo n'kumene kudachokera mng'ono wake Lucius Banda, amene adakhazikitsa Zembani Band mu 1997 ndi kutisiya mu 2024. Mvetserani bwino chamba cha rege cha ku Balaka. Besi yake imayenda ngati munthu akulankhula, imapuma, imayankha woyimba. N'chimodzimodzi ku Jamaica, kumene Aston "Family Man" Barrett wa gulu la Wailers adasandutsa besi kukhala msana wa nyimbo za Bob Marley. Mukaisandutsa bingu, nyimbo yafa ngakhale mawu onse ayimbidwe molondola.

Vuto limayambira pogula. Mwini gulu akapita mu mzinda amafunsa funso limodzi: "Ampulifaya imeneyi ndi mawati angati?" Akamva 1,000 amatulutsa ndalama. Sadziwa kuti kuwirikiza mawati kawiri kumangowonjezera phokoso pang'ono chabe, ndipo kuti khutu limve ngati mawu akula kawiri pamafunika mphamvu pafupifupi kakhumi. Ampeg SVT, imene idatuluka mu 1969 ndi kutchuka m'mabwalo akuluakulu a ku America, inali ya mawati 300 basi. Mbiri yake idadalira bokosi lake la masipika asanu ndi atatu a mainchesi 10. Ndalama zambiri ziyenera kupita ku bokosi, koma kuno bokosi ndilo limakhomedwa komaliza ndi matabwa otsala.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Nsambo yokhuthala kwambiri pa besi ya nsambo zinayi imanjenjemera ka 41 pa sekondi, ndipo funde la mawu ake ndi lotalika mamita asanu ndi atatu. Sipika ikakankha mpweya kutsogolo, kumbuyo imaukoka. Bokosi likakhala lotsegula kumsana, ngati la gitala wamba, kapena likakhala ndi ming'alu, mpweya wakutsogolo ndi wakumbuyo umafafanizana, mawu akuya n'kusowa. Apo woyimba amakweza mphamvu, sipika n'kumangogwedera mpaka pepala lake kung'ambika. Makolo adanena kale: ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika.

Chodabwitsa n'chakuti nzeru imeneyi tili nayo pakhomo. Pa Mua pali Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, kumene amisiri amasema mitengo ndi kusunga mbiri ya gule wamkulu. Funsani wosema ng'oma aliyense m'midzi yozungulira. Adzakuuzani kuti liwu la ng'oma lili m'thunthu, kukula kwa mphako ndi kulimba kwa mtengo. Chikopa amachiwamba pamoto, pakati amamatapo phula kuti liwu litsike, ndipo pabwalo mbalule ndi mpanje sizilimbirana malo, iliyonse ili ndi liwu lake. Kodi agogo athu adadziwa zimenezi opanda magetsi, ife tikulephera bwanji tili ndi mawaya?

Bokosi la besi lifunika pulayiwudi wokhuthala, wa mamilimita 18, womangidwa ndi mitanda mkati ndi womatidwa bwino m'mphepete. Matabwa a utuchi wopanikiza amafufuma ndi chinyezi cha dzinja. Ngati bokosi lili ndi bowo lotulukira mpweya, kukula kwa bowolo kumayenderana ndi sipika ndi kukula kwa bokosi, si kungoboola poti kwa anzathu kuli bowo. Sipika imodzi ya mainchesi 15 imapereka kulemera, zinayi za mainchesi 10 zimamveketsa zala. Kwa gulu loyenda pa lole m'misewu yathu, imodzi yabwino iposa zisanu ndi imodzi zotoledwa m'mawailesi ndi m'magalimoto.

Kenaka pali masamu amene amawotcha zida chaka ndi chaka. Kumbuyo kwa ampulifaya kumalembedwa nambala ya ma ohm imene simuyenera kutsika kupitirira apo, kawirikawiri 4. Mabokosi awiri a ma ohm 8 mukawalumikiza pamodzi amakhala 4, zili bwino. Mukawonjezera lachitatu mwatsikira pa 2.7, ampulifaya ikusenza katundu woposa msinkhu wake. Ndi kutentha kwa Okutobala kuno kunyanja, fumbi litatseka mipata yopumira, dansi imatha isanakwane naini koloko.

Magetsi nawo ali ndi mlandu. Zida zathu zimafuna mavoti 230. Pa Golomoti pali malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 amene adayamba kugwira ntchito mu 2022, komabe dansi yakumudzi kawirikawiri imadalira jenereta. Kajenereta kamodzi kakasenza nyali, firiji ya mowa ndi zida zonse, mphamvu imagwa nthawi iliyonse besi ikagunda. Mawu amaphwanyika, amveka ngati nsalu ikung'ambika, ndipo ndi pamene waya wamkati mwa sipika amatentha ndi kupsa. Mukamva kukhadzula kumeneko, tsitsani. Si nyimbo yakoma ayi, ndi ndalama zikupsa.

Chomaliza ndi khutu, ndipo ichi sichigulidwa. M'holo ya tchalitchi, bokosi likakhala pakona, makoma amakuza mawu akuya mpaka kumiza kwaya yonse. Lisuntheni. Pabwalo palibe makoma, choncho liyikeni pansi polimba, osati pa tebulo logwedera. Kabatani kolembedwa "bass" musakapotokole mpaka kumapeto. Mawu amene amatiuza kuti woyimba wagwira noti iti ali pakatikati, ndiye kwezani "mid" pang'ono. Ndipo wina wa gulu apite kumbuyo kwa anthu akamvetsere, chifukwa chimene woyimba amamva ali pafupi ndi bokosi si chimene chimafika kwa amayi ogulitsa mandasi kuchipata.

Wina anena kuti zonsezi n'za anthu andalama. Ndikukana. Madalitso Band, anyamata awiri amene ankayimba m'misewu ya mu Lilongwe, adafika mpaka ku Ulaya ndi babatoni wa nsambo imodzi wopanga okha, ndipo noti iliyonse imamveka. Gulu la abale a Kachamba ku Chileka nalo linkayimba kwela ndi besi ya chingwe chimodzi chomangidwa pa bokosi. Umphawi sulepheretsa besi kulankhula. Chimene chimailepheretsa ndi mpikisano wofuna kumveka mpaka ku phiri la Dedza.

Eni magulu, musanagule chida china, khalani pansi ndi woyimba besi wanu, mumufunse ngati amadzimva. Nanunso olipira pakhomo, mukatuluka m'dansi makutu akulira koma simungathe kung'ung'udza besi ya nyimbo ngakhale imodzi, dziwani kuti mwagula phokoso pa mtengo wa nyimbo.