Nyambo ya nthenga

Ku Cassacatiza, pachipata cha malire a Mozambique ndi Zambia pamsewu wochokera ku Katete, nsomba ya trout simungaipeze. Dera la Chifunde ndi lotentha, pomwe nsombayi imalefuka madzi akafunda kupitirira madigiri 20. Atsamunda anakaiika kumapiri: mu mtsinje wa Mulunguzi paphiri la Zomba, m'madamu a Chelinda ku Nyika, ndi ku Nyanga ku Zimbabwe. Kawedzedwe kake anabwera nakonso. M'malo mwa nyongolotsi, mbedza imavekedwa nthenga ndi ulusi kuti ioneke ngati kachilombo.

Kumanga nyamboyi ndi ntchito ya zala zodekha. Nthenga za tambala, za nkhanga, ngakhale ubweya wa kalulu, amazikulunga pakambedza kochepa ngati njere ya mpunga. Poti nyamboyo ilibe kulemera, cholemera ndi chingwe. Wowedza amachizunguza m'mwamba, kutsogolo ndi kumbuyo, kenako n'kuchigoneka pamadzi mwakachetechete. Chikagwa kuti khuvu, nsomba zabalalika, tsiku lathera pomwepo.

Koma ambiri amatamanda kukongola kwa nyambo, ndipo apa ndi pomwe ndimasiyana nawo. Mkanganowu ndi wakale. Ku England, Frederic Halford analemba mu 1886 za nyambo yoyandama, ndipo omutsatira anafika poti kuwedza kwaulemu ndi kumeneko basi: nyambo pamwamba pamadzi, yofanana ndendende ndi kachilombo kouluka. G. E. M. Skues, yemwe ankawedza mu mtsinje wa Itchen, anatsutsa m'buku lake la 1910. Iye anaona kuti trout imadya kwambiri pansi pamadzi, tizilombo tisanamere mapiko, choncho anamanga nyambo zomira, zosaoneka bwino m'maso mwa munthu. Anamunyoza. Nsomba zinagwirizana naye.

Chimene Skues anagwira n'chakuti mtsinje sukhala chimodzimodzi chaka chonse, ndipo kwathu kuno zimenezi zimaonekeratu. Mu June ndi July, chisanu chikagwira pa Zomba, madzi amakhala oyera, tizilombo touluka timasowa, nsomba imakhala pansi. Nyambo yoyandama pamenepo ndi yongodzionetsera. Imafunika yaing'ono, yomira, pachingwe chopyapyala chifukwa nsomba ikukuonani. Mu October mtsinje umaphwa, madzi amafunda, trout imabisala m'maiwe a mthunzi ndipo imadya m'mamawa ndi chamadzulo. Ndiye mvula yoyamba ikagwa, inswa zimatuluka m'zulu n'kumagwera pamadzi, nsomba zonse maso m'mwamba. Masiku amenewo ndi a Halford, koma ndi owerengeka. Pofika January madzi achita matope, nsomba singaone timizere ta paphiko, imangoona chakuda chikuyenda.

Mnyamata wowedza matemba ndi milamba mu mtsinje wa Luia ndi kamtengo ka nsungwi sanamvepo za azungu awiriwa, komabe kalendala yake ndi yomweyi. Amadziwa nthawi ya nyongolotsi, ya chiwala, ya inswa. Amadziwa kuti mthunzi wake usagwere padziwe. Chimene alibe ndi bodza la nthenga, ndipo sindikulichepetsa: kunamiza nsomba ndi chinthu chosadyeka, chopanda fungo, n'kovuta kuposa kuipatsa chakudya chenicheni. M'pake kuti ku Kenya kumanga nyambozi kunasanduka ntchito yolembedwa, ndipo zimagulitsidwa mpaka ku Ulaya ndi ku America.

Chondidandaulitsa n'chakuti nyambo zambiri zimene alendo amabwera nazo m'timabokosi zimatsanzira tizilombo ta m'mitsinje ya ku England. Womanga nyambo amene sanatembenuzepo mwala mu Mulunguzi kuti aone chokwawa pansi pake akungokopera zithunzi za m'buku. Nyambo yake ingakongole bwanji, ine ndimuika pambuyo pa mnyamata wa ku Luia.