Za Buku la Nyama Zimene Palibe Anaziona

Kuli buku lina la Cingerezi limene tifuna kukamba nanu mwezi uno, abale owerenga, cinkana ambiri a inu simudzaligwira m'manja. Dzina lace ndi After Man, ndiko kunena kuti atatha munthu. Analilemba Dougal Dixon, wa ku Scotland, amene anaphunzira za miyala ndi za mafupa akale pa sukulu yaikuru ya St Andrews, ndipo linasindikizidwa m'caka ca 1981. M'menemo muli zithunzi za nyama zoposa 100, ndi mbiri ya kadyedwe ndi kakhalidwe ka iri yonse; koma mwa zonsezo palibe ndi imodzi yomwe imene inapondapo pansi pano. Mwini wace anaziganiza yekha pakudzifunsa kuti, Anthu atatha onse, nizipita zaka 50,000,000, m'thengo mungatsale zotani?

Tidziwa kuti mkulu wina adzati, Nanga si bodza limenelo? Kapena munthuyo adziyesa mneneri? Iai. Wabodza afuna kuti timkhulupirire, koma uyu anena poyera kuti angoyerekeza, monga acita woponya ndagi madzulo. Za masiku otsiriza tiri nazo m'Buku lina, ndipo ili silipikisana nalo.

Ifenso tiri nazo nthano za Kalulu. M'nthano zathu iye alankhula, nanyenga Njobvu ndi Fisi, koma thupi lace liri lomwelo masiku onse. Kwa Dixon kalulu salankhula konse. Cisandulika ndi thupi. Pakuti m'bukumo nyama zazikuru zambiri zinatha pamodzi ndi munthu, amene anaziononga, nizitsala zija tizipeputsa, zobala msanga ndi zosasankha cakudya. Tsono msipu ulipobe, koma woudya palibe. Akalulu alowa m'malo mwa mbawala ndi nswala. Mbadwo ndi mbadwo miyendo yao italika, aleka kudumpha nayamba kuthamanga, kufikira akhala nyama ya msinkhu wa mbawala imene Dixon anaicha rabbuck. Makutu atalitali aja akali pomwepo. Ndipo wonena kuti kalulu sangalande dziko afunse a ku Australia, kumene munthu wina anamasula akalulu owerengeka m'caka ca 1859, ndipo zisanapite zaka makumi asanu anadzaza dziko, namaliza msipu wa nkhosa.

Nanga wogwira akalulu otere ndani, popeza mimbulu kulibe? Ndi khoswe, yemwe uja atiboolera nkhokwe. Zidzukulu zace zakula ngati agaru, zisaka m'magulu, ndipo mano awiri akutsogolo, amene lero akukuta cimanga, asongoka nakhala mikondo. Apa ndi pamene tiona luso la mlembiyo. Sanapatse khoswe mano a mkango, cinkana kukadakhala kwapafupi kutero. Anatenga mano omwe khoswe ali nao, nawapatsa nchito yina. Nyama iri yonse m'bukumo iri nalo kholo, nisenza cizindikiro ca khololo, monga munthu sataya mfunda wace angakhale asamukire kutari. Wojambula cirombo ca mitu isanu ndi iwiri sabvutika, pakuti palibe lamulo lomgwira dzanja. Uyu anadzimanga yekha ndi lamulo, ndipo cifukwa cace tikayang'ana nyama zace timati, Inde, zikhoza kutero.

Inu a kunyanja simudzazizwa nazo kwambiri. Cambo, utaka, mbuna ndi ncheni, ophunzira atiuza kuti ndi za banja limodzi. Koma mbuna zipala ndere pamiyala, utaka utola tizirombo tosaoneka pakati pa madzi, ndipo ncheni ndi mlenje wa mano akuthwa wakudya zinzace. Mitundu ya banja limenelo m'nyanja yathu iri mazanamazana. Cimene Dixon anacita papepala, madzi athu ali naco camoyo. Ndiponso iye anakumbukira mng'alu waukuru wa dziko umene nyanjayo ikhalamo: m'bukumo mbali ya kum'mawa ya Afrika yang'ambika nikhala cisumbu ca payokha, Lemuria, kumene nyama za ziboda zinapulumuka.

Si zonse zimene tibvomereza. Pa zisumbu zina za m'nyanja ya Pacific anaikapo mleme wosauluka, wakhungu, wautari ngati mnyamata, woyenda pa miyendo imene kale inali mapiko, nugwira nyama ndi zikhadabo za miyendo ya m'mbuyo yotambasulira kutsogolo. Ambiri okonda bukuli aukonda umenewu koposa zonse. Ife tiyesa kuti apa mlembi anafuna kutiopsa, ndipo mtima wa kuopsa unaposa mtima wa kulingalira. Pakuti mleme wotsikira pansi tiumvetsa, ulipo wotere ku New Zealand, koma miyendo yopingasa cotero sitiona phindu lace. Momwemonso buku lace la 1990, Man After Man, losandutsa anthu okha, lisowa mtendere ndi kuyang'anitsa kumene kuli m'loyambalo.

Iye anatsegula njira, ndipo achinyamata ambiri a maiko ena aitsata, najambula maiko ao ao. Mwa amenewo titama Serina, imene Dylan Bajda anayamba mu 2015. Iye anaika timbalame ta canary pa mwezi wopanda nyama zina zazikuru, pamodzi ndi tinsomba, nyerere ndi nkhono, natsata zidzukulu zao zaka mamiliyoni ambiri, kufikira zina zidya msipu, zina zisambira, zina zisaka zinzao. Lamulo ndi lomwe lija, ndipo alisunga mosamala.

Koma tibwerere kwa Dixon. M'madambo ace a ku Afrika anyani ayenda coimirira nadya nyama m'malo mwa mikango, ndipo m'malo mwa njobvu muli mphoyo yonenepa, ya miyendo ngati mitondo, yokumba mizu ndi nyanga zace. Inajambulidwa bwino ndithu. Pa tsamba limenelo ndi pamene tinakhalitsa osatembenuza, pakuti ife njobvu zenizeni tikali nazo ku Liwonde ndi ku Kasungu.