Kodi Kukhala Nawo Pakhomo Ndiye Kuwasamala?

Pali mau amene timakonda kuwanena modzitama pa maliro ndi pa misonkhano ya mphakati. Timati ife kuno sititaya nkhalamba zathu ku nyumba zosungirako okalamba monga amachitira Azungu, koma agogo athu amakalambira pakhomo, pakati pa adzukulu awo. Mauwa ndi oona mbali imodzi. Komabe tiyenera kuwayesa bwino, pakuti nsalu yokongola imathanso kubisa chilonda.

Tiyeni tiyende m'midzi ya kufupi ndi Kapichira, kuno ku Chikwawa, mwezi wa Okotobala dzuwa likuswa mtengo. Pakhomo pali nyumba ya njerwa ndi malata. Chapatali pang'ono, pafupi ndi khola la mbuzi, pali kanyumba kaudzu, chitseko chake chopendekeka. Umo ndimo mugona mai amene adabala mwini khomolo. Nsima ya mapira amawatumizira ndithu, koma amatuma kamwana, ndipo nsimayo ndi yolimba monga aidyera anyamata ochokera kumunda wa thonje. Kodi alipo amene adafunsapo ngati agogowo ali nawo mano? Kamwana kaja kaika mbale pansi n'kuthamanga. Tsiku lonse litha popanda wamkulu aliyense kukhala nawo pamphasa. Tikati "ali pakhomo" sitinama, koma pakhomo pomwepo munthu angathe kukhala kutali kuposa Johannesburg.

Zifukwa zake tikuzidziwa, ndipo sitikuzichepetsa. Ana ambiri adapita kukadula nzimbe ku Nchalo, ena ku Blantyre, ena ku Joni. Otsala pamudzi akulimbana ndi chilala chaka chino, madzi osefukira chaka chamawa. Koma tikumbukirenso kuti m'zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inkatha makolo, ndi nkhalamba zomwezi zimene zidatola ana amasiye n'kuwalera ndi manja opanda kanthu. Iwo aja sadanene kuti ndi osauka.

Mu Januwale 2022 namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi pa mathithi a Kapichira. Dziko lidataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kwa nthawi yoposa chaka anthu a m'mizinda ankadandaula za mdima tsiku ndi tsiku. Kudandaulako kudali koyenera. Koma madzi omwewo adagwetsanso tinyumba taudzu, ndipo kanyumba koyamba kugwa ndi kaja kakumphepete. Madzi akabwera usiku, mai amanyamula khanda, bambo amamasula ng'ombe. Nanga wosatha kuthamanga amukumbukira ndani? Kumsasa nakonso, wopanda mphamvu zoima pamzere wa ufa amadya zimene ena amugawira, ngati amugawira. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 adatifunsanso funso lomwelo.

Choipa kwambiri ndi ichi: munthu akakalamba, maso nafiira ndi utsi wa zaka zambiri, nayamba kuiwala maina ndi kulankhula yekha, ife timafulumira kunong'ona kuti ndi mfiti. Kuiwalaku kawirikawiri ndi matenda a ubongo obwera ndi ukalamba, monga msana umapindika. Mu Januwale 2016, ku Neno, nkhalamba zinayi zidaphedwa mphenzi itapha mtsikana, ndipo ozipha sadachokere kutali. Lamulo la dziko lino, kuyambira 1911, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza achikulire. Koma lamulo silimva zonong'onezana za kumjigo. Mwambi umati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ife tayamba kuyatsa moto m'dambo momwemo.

Pa za ndalama tingonena pang'ono. Tsiku lolandira za Mtukula Pakhomo, agogo amapeza operekeza ambiri, ena mpaka kuwakweza panjinga. Tsiku lopita ku chipatala njinga ija yaphwa.

Ife a Mpingo sitili pambali pa mlanduwu. Lamulo lachinayi timaliphunzitsa kwa ana a Ukaristia woyamba ngati kuti limangonena za kumvera, pamene kwenikweni limagwira munthu wa ndevu amene makolo ake afooka. Pa Marko mutu 7, Ambuye Yesu adadzudzula anthu amene ankati chuma chawo adachipereka kwa Mulungu, kuti apeze pothawira kuthandiza makolo awo. Kodi sizifanana ndi Mkhristu wosajomba ku kwaya ndi ku mabungwe, wovala yunifolomu yochapa bwino, pamene mai ake agona pa mphasa yonyowa? Wansembe timamuitana nkhalamba itasiya kale kulankhula, ati kuopa kuti mafuta oyera angafulumize imfa. Pamaliro tsono ndi pamene pamaoneka nsalu zatsopano, bokosi lopakidwa bwino, ndi mbuzi yophedwa, nyama imene mwini wake adatha chaka osailawa.

Papa Francis mu 2021 adakhazikitsa tsiku la agogo ndi okalamba, Lamulungu lachinayi la Julaye, kufupi ndi chikondwerero cha Yoakimu ndi Anna Oyera pa 26 Julaye. Tsikulo timawakhazika kutsogolo m'tchalitchi, kuwaombera m'manja ndi kuwapatsa sopo. Koma amene amafika ndi okhawo otha kuyenda. Aja a m'tinyumba takumphepete belu amangolimvera patali, ndipo m'miphakati yambiri palibe ngakhale kope lolembamo maina awo, kuti wopereka Ukaristia adziwe khomo loti agogode.